Chiliza cha Amai Akuda: Asonkhe Ndani?

M'mwezi wa Epulo 1865, mbiri itamveka kuti Pulezidenti Abraham Lincoln waphedwa ndi mfuti mu mzinda wa Washington, mai wina dzina lake Charlotte Scott adapereka madola 5 kuti ayambire kumanga chikumbutso cha malemuyo. Maiyu adabadwira mu ukapolo ku Virginia, ndipo pa nthaŵiyo ankakhala ku Marietta, m'chigawo cha Ohio. Ndalamazo zidali malipiro ake oyamba chilandirire ufulu. Anthu ena akuda atamva adasonkha nawo, makamaka asilikali amene adamenya nawo nkhondo imene idathetsa ukapolo. Koma thumbalo lidasungidwa ndi azungu a bungwe lina la ku St. Louis, ndipo ndiwo adasankha maonekedwe a chikumbutsocho. Tsono pa 14 Epulo 1876, nsalu itachotsedwa, khamu lidaona Lincoln wamkuwa ali chilili, dzanja atatambasula, ndipo pa mapazi pake munthu wakuda wopanda malaya atagwada. Frederick Douglass, amene adalankhula pa mwambowo, sadachedwe kulemba m'nyuzipepala kuti iye akulakalaka kudzaona chifanizo cha munthu wakuda ataimirira pa miyendo yake ngati munthu. Boma lidalipira mwala wa pansi wokha. Dzina la Charlotte Scott lidalembedwa pa chipilalacho, koma nkhope yake palibe.

Takumbutsa nkhani yakaleyi chifukwa mkangano umene udayambira pamenepo sunathe. Ku America, m'makhonsolo a mizinda ndi m'nyumba za malamulo, anthu akhala akufunsana ngati nkoyenera kutapa ndalama za msonkho kuti amangire zipilala zokumbukira amai akuda. Ena amati ai, boma lili ndi zambiri zoti lichite, wofuna chipilala ayendetse yekha mbale ya zopereka. Ena amati inde, ndipo kwachedwa kale. Ife tili kutali, tsidya lino la nyanja yamchere, ndipo msonkho wa kumeneko sitikhoma. Komabe funsoli si lachilendo m'makutu mwathu, pakuti za kusonkha timazidziŵa bwino.

Pakati pathu, munthu akatisiya, nyengo ikapitapo, achibale amaitanizana kuti akambirane za chiliza. Mwinimbumba amaŵerengera matumba a simenti, njerwa, mmisiri ndi ufa wa alendo, kenaka aliyense amatchula chimene angathe. Wapaulendo wongodutsa sauzidwa kuti aponyepo kanthu. Amasonkha ndi eni maliro, ndipo munthu akamapereka yake amakhala akuvomera pamaso pa onse kuti wagona apayu ngwathu. Tsono atapezeka wachibale wopeza bwino amene anganene kuti, "Malo ndi aŵa, mangani, koma za simenti aone okha ana ake," palibe amene angamfunse kaŵiri. Onse amva kuti iyeyo wadzipatula. Ndi khutu limeneli tikumvera mkangano wa ku Americawu. Thumba la boma ndi msonkhamsonkha wa fuko lonse, ndipo kumene ndalama zake zimapita kumaulula amene fukolo limaŵayesa abale ake.

Chikhala kuti boma la America silinasonkhepo pa chikumbutso cha munthu aliyense, bwenzi tikuti ndi mwambo wao, tiŵaleke. Koma zinthu sizili choncho. Pakati pa 1861 ndi 1865 dzikolo lidamenyana lokhalokha, zigawo 11 zakumwera zitadzipatula pofuna kusunga ukapolo, pa nthaŵi imene akapolo adalipo pafupifupi 4 miliyoni. Akumwerawo adagonja, koma ana ndi adzukulu ao adadzaza mabwalo a mizinda ndi zifanizo za atsogoleri ao ankhondo. Mu Disembala 2018 magazini ya Smithsonian idasindikiza kafukufuku wa atolankhani aŵiri, Brian Palmer ndi Seth Freed Wessler, amene adapeza kuti pa zaka khumi zokha ndalama za msonkho zosachepera madola 40 miliyoni zidapita ku zifanizo, nyumba, manda ndi mabungwe osunga chikumbutso cha akumwerawo. Msonkho sufunsa khungu. Ndiye kuti mdzukulu wa kapolo, pogula sopo m'sitolo ndi podulidwa malipiro ake, wakhala akulambula manda a mbuye wa agogo ake popanda womfunsa.

Mu 2021 bungwe la Monument Lab la ku Philadelphia lidaŵerenga zipilala za m'dzikomo nkundandalika maina 50 a anthu amene ali ndi zipilala zochuluka kuposa ena. Theka la anthuwo adali osunga akapolo. Akazi adalipo atatu okha, ndipo wakuda adali mmodzi, Harriet Tubman. Adapezanso chinthu china chimene munthu sadziŵa ngati aseke kapena alire: zifanizo za akazi a m'nthano, aja okhala ndi mchira wa nsomba, zidalipo 22, pamene za amai amene adakhalapo aphungu a Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse zidali ziŵiri.

Tisaganize kuti akuluakulu a dzikolo sadalingalirepo konse zoimikira mai wakuda chipilala. Adalingalirapo, ndipo nkhani yake njofunika kuimvetsa. Mu 1923 gulu la amai achizungu lotchedwa United Daughters of the Confederacy lidapempha malo mu Washington kuti liimikepo chifanizo cha "Mammy", ndiye kuti mdzakazi wakuda wokhulupirika amene ankalera ana a mbuye wake pa nthaŵi ya ukapolo. Phungu wa ku Mississippi, John Sharp Williams, adatengera pempholo ku nyumba ya malamulo ya Senate, ndipo nyumbayo idavomera. Miyezi yoŵerengeka m'mbuyo mwake, nyumba yomweyo idali italepheretsa lamulo lofuna kuthetsa mchitidwe woti chigulu cha anthu chigwire munthu wakuda nkumpachika pa mtengo, mlandu wosazengedwa. Kutchinjiriza mwana wa maiyo adakana. Kusema maiyo ngati mlezi wa ana a eni ake adalola.

Amai akuda sadakhale chete. Mary Church Terrell, amene adali mtsogoleri woyamba wa bungwe la National Association of Colored Women, adalemba m'nyuzipepala ya mu Washington kukumbutsa anthu za moyo weniweni wa mleziyo: mkazi wopanda banja lotetezedwa ndi lamulo, amene ana ake ankatha kugulitsidwa tsiku lililonse iye akupenya. Madandaulo adachuluka kotero kuti nyumba inzake ya malamulo sidavomereze, ndipo chifanizocho sichidamangidwe. Ife tikaŵerenga zimenezi timaona kuti ulemu wina ndi chipongwe chovala malaya abwino. Chipilala chija chikadaimikidwa, chikadatchula mai wakuda, inde, koma chikadatamanda ukapolo. Chikadauza mibadwo kuti mkaka umene adalandidwa adaupereka mokondwa. Motero sikokwanira kufunsa ngati boma lalola kapena lalipira. Mpofunika kufunsanso kuti wasankha nkhope ndani, ndipo mau a pamwalawo walemba ndani. Charlotte Scott ndi anzake adasonkha koma sadafunsidwe. Mu 1923 amai akuda akadasemedwa popanda kufunsidwanso.

Chipilala choyamba cha mai wakuda pa malo a boma mu Washington chidadza patapita zaka zina 51. Chidali cha Mary McLeod Bethune, mwana wa 15 mwa ana 17 a makolo amene adali akapolo ku South Carolina. Mu 1904 maiyu adatsekula sukulu ku Daytona Beach, ku Florida, ali ndi dola imodzi ndi theka ndiponso atsikana asanu, ndipo sukuluyo idakula mpaka kusanduka koleji. Mu 1935 adayambitsa bungwe la National Council of Negro Women, ndipo adakhalanso mlangizi wa Pulezidenti Franklin Roosevelt. Atamwalira mu 1955, Nyumba ya Malamulo idavomera mu 1960 kuti chikumbutso chake chimangidwe, koma boma lisaonongepo ndalama. Nayo nkhani ya wachibale uja: malo ndi aŵa, simenti muone nokha. Amai a bungwe lake, motsogozedwa ndi Dorothy Height, adasonkha zaka ndi zaka, mpaka pa 10 Julayi 1974 chipilalacho chidatsekulidwa m'bwalo la Lincoln Park, momwe muja muli chikumbutso cha madola a Charlotte Scott. Mai Bethune adasemedwa ataimirira, ndodo ili m'manja, akupatsira ana aŵiri chikalata. Chifanizo cha Lincoln adachitembenuza kuti chipenyane ndi chake. Ngakhale mu 2022, pamene chigawo cha Florida chidaika chifanizo cha Mai Bethune m'nyumba ya Capitol kuloŵa m'malo mwa mtsogoleri wankhondo wa akumwera, Edmund Kirby Smith, ndalama zambiri zidachokera m'zopereka za anthu wamba ndi mabungwe.

Khama la amaiŵa ndi lotamandika, ndipo sitikufuna kulichepetsa. Koma timachita mantha ndi chizoloŵezi chotamanda osauka chifukwa chodzisenzera okha katundu amene adayenera kusenzedwa ndi onse. Matamando otere satuma munthu kupisa m'thumba.

Ndalama za boma zikatuluka, mafunso satha. Mu 2022 mzinda wa Philadelphia udagwirizana ndi mmisiri wachizungu, Wesley Wofford, kuti aseme chifanizo cha Harriet Tubman pa mtengo wa madola 500,000, popanda kupatsa amisiri ena mwai wopikisana. Anthu akuda a mumzindamo adadandaula, akuluakulu adabwerera m'mbuyo nkutsekula mpikisano, ndipo mu 2023 ntchitoyo idapatsidwa kwa Alvin Pettit, mmisiri wakuda. Ena adati kumeneko nkulimbana ndi zazing'ono. Ife sitikuona choncho. Ndalama ya onse imayenera kutuluka poyera, ndipo madandaulo otere ndi chizindikiro chakuti anthu ayamba kuliwona thumbalo ngati lao.

Tsono tisabise, otsutsa ali ndi mfundo imene sitingaikankhire kumbali. Mwala sudyedwa. Mu 2021, malinga ndi chiŵerengero cha boma la America, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amai akuda pafupifupi 70 adamwalira chifukwa cha uchembere, pamene amai achizungu adali pafupifupi 27. Munthu angafunse kuti kodi si bwino ndalama za mkuwa ndi mwala zipite ku zipatala, kuti amai amoyo asatsikire kumanda msanga? Ndiponso mbiri imatichenjeza kuti nkwapafupi kulemekeza wakufa kusiyana ndi kulipira wamoyo. Harriet Tubman yemweyo, amene lero zifanizo zake zili m'mizinda yambiri, adatumikira gulu lankhondo la boma ngati namwino ndi kazitape, ndipo mu Juni 1863 adatsogolera asilikali pa mtsinje wa Combahee, kumene akapolo oposa 700 adamasulidwa usiku umodzi. Nkhondo itatha adakhala zaka zoposa 30 akupempha malipiro a ntchito yakeyo. Poyamba adangolandira madola 8 pa mwezi monga mkazi wamasiye wa msilikali, ndipo mu 1899 mpamene adamuonjezera kufika madola 20. Boma limene lidamchedwetsa chotere likamamangira chipilala lero, likhoza kufanana ndi wangongole amene amafika pa maliro a mwini ndalama atanyamula nkhata yaikulu yamaluŵa, koma za ngongole osatchulako.

Mfundoyi tikuimva, komabe sitikuvomera kuti yankho lake ndi kuleka kumanga. Choyamba, timadabwa kuti chisoni chotere pa ndalama za boma chimadzuka pokhapokha pakatchulidwa dzina la mai wakuda. Pamene madola 40 miliyoni aja ankatuluka chaka ndi chaka, sitidamve kuti zipatala zidakumbukiridwa. Kuonjeza apo, mtengo wa chifanizo chimodzi sungayendetse chipatala chachikulu cha kumeneko ngakhale kwa sabata. Amene amati tisankhe pakati pa mwala ndi mankhwala kaŵirikaŵiri sapereka chilichonse mwa ziŵirizi. Koma chachikulu nchakuti chipilala cha boma chili ndi ntchito imene chopereka cha munthu payekha sichingagwire. Akale adati mlandu suola. Ukapolo ndi tsankho sizidali zochita za anthu oŵerengeka oipa mtima. Zidalembedwa m'malamulo, zidatetezedwa ndi mabwalo a milandu, zidalipiridwa ndi msonkho. Wolakwa adali boma, ndipo wovomera ayenera kukhala boma lomwelo, ndi dzanja lake ndi ndalama zake, pa bwalo pamene mwana wa sukulu aliyense adzadutsa nkufunsa kuti, "Kodi amai aŵa adachita chiyani?" Chipilala chotere chili ngati kalata yovomera ngongole. Ngongoleyo sichibweza, koma chikangoimikidwa wangongole sangathenso kunena kuti sakudziŵapo kanthu.

Kumene tikuona kuvomera ndi kubweza zikuyesa kuyendera limodzi, ngakhale motsimphina, ndi ku Virginia, kwao kwa Charlotte Scott. M'tauni ya Farmville, m'boma la Prince Edward, mudali sukulu yasekondale ya ana akuda yotchedwa Robert Russa Moton. Idamangidwira ana 180, koma pofika 1951 idali ndi ana oposa 450. Otsalawo ankaphunzirira m'zisakasa zamatabwa zokutidwa ndi mapepala aphula, zimene zinkadontha mvula ikamagwa, ndipo m'nyengo yozizira ana ankakhala m'kalasi atavala majasi. Makolo adadandaula kwa akuluakulu a zamaphunziro, koma ankangouzidwa kuti adikire. Pa 23 Epulo 1951 mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, adakonza ndi anzake kuti mphunzitsi wamkulu aitanidwe kunja kwa sukulu, kenaka adasonkhanitsa ana onse m'holo, naŵauza kuti anyanyale maphunziro. Ana adatuluka. Adalembera maloya a bungwe la NAACP, Oliver Hill ndi Spottswood Robinson, amene adavomera kuŵathandiza pokhapokha mlanduwo ukhale wothetseratu kulekanitsa ana m'sukulu potsata khungu. Mlandu umenewu ndi umodzi mwa milandu isanu imene idaphatikizidwa mu mlandu wotchuka wa Brown, umene bwalo lalikulu la dzikolo lidagamula mu 1954 kuti kulekanitsako nkosemphana ndi malamulo. Barbara mwiniwake sadamalizire sukulu kwao. Poopa chiwembu, makolo ake adamtumiza kwa achibale ku Montgomery, ku Alabama. Pambuyo pake adagwira ntchito yosamala mabuku m'sukulu za ku Philadelphia, ndipo adamwalira mu 1991 anthu ambiri asakumdziŵa.

Chimene akuluakulu a boma la Prince Edward adachita atagonja pa mlandu chimaonetsa bwino m'mene msonkho ungasandukire chikwapu. M'malo molola ana akuda ndi achizungu kukhala m'kalasi imodzi, adatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964. Ana achizungu adaŵatsekulira sukulu yapadera, ndipo kwa kanthaŵi fizi yao inkathandizidwa ndi ndalama za boma. Ana akuda pafupifupi 1,700 adatsala pakhomo. Ena adatumizidwa kwa achibale kapena kwa anthu achifundo m'zigawo zina, kutali ndi amai ao. Ena adakula osadziŵa kuŵerenga.

M'nyumba ya Capitol mu Washington chigawo chilichonse chimaloledwa kuikamo zifanizo ziŵiri za anthu ake otchuka. Kuyambira 1909 chimodzi cha zifanizo za Virginia chidali cha Robert E. Lee, mtsogoleri wamkulu wa asilikali a akumwera. Mu Disembala 2020 chidachotsedwa, ndipo chigawocho chidasankha Barbara Johns kuti aloŵe m'malo mwake. Ulendo uno sadauze amai akuda kuti ayendetse mbale. Aphungu a Virginia adapatula pafupifupi madola 500,000 kuchokera m'thumba la boma, ndipo chifanizocho, chosemedwa ndi Steven Weitzman, chidaonetsedwa mu Disembala 2025: mtsikana wa sukulu atakweza buku m'mwamba. Mlimi wachizungu wa ku Prince Edward adasonkhako, ngakhale amene sadafune, monga momwe anansi ake akuda adasonkhera zinthu zambiri zimene sadazifune. Ena angaone nkhanza pamenepa. Ife tikuona kuti ndi m'mene chibale chimakhalira: susankha maliro oti ulire.

Koma chimene chimatipatsa mtima woti chifanizochi si nkhata yamaluŵa chabe ndi chinthu china chimene chidachitika kale, mopanda phokoso. Mu 2004, patapita zaka 50 chigamulire mlandu wa Brown, aphungu a Virginia adakhazikitsa thumba lolipirira maphunziro a anthu amene adatsekeredwa sukulu pa zaka zija. Ganizoli adalilimbikira ndi Ken Woodley, mkonzi wa nyuzipepala ya ku Farmville, nyuzipepala yomwe kale inkachirikiza kutseka sukuluko. Boma lidaikamo madola pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo munthu wina wachuma, John Kluge, adaonjezapo miliyoni inanso. Ndalamazi nzochepa poyerekeza ndi zaka zisanu za ana 1,700, ndipo zidafika mochedwa. Mwana amene adapeza chitseko cha sukulu chili chotseka ali ndi zaka 6 mu 1959 adali ndi zaka 51 pamene thandizolo linkayamba. Ena adali atamwalira kale, ena adati nthaŵi yao idapita. Koma ena adalembetsa, nabwerera m'kalasi imvi zili mbuu, kukamaliza maphunziro a sekondale, ena mpaka kulandira madigiri adzukulu ao akuombera m'manja.